Mtima wa Fainess ndi Chigayo cha ba Gabson

Fainess Miti ndi mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga Edness, ndipo mwa mwambo wathu ndili ndi ufulu womunena mmene ndingafunire. Ndakhala ndikumunena kuyambira ali kamtsikana ka miyendo yotuwa, pamene banja lawo linachoka ku Katete kudzalima kuno ku Chinyunyu, m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Chipata. Ndinkamutcha mkazi wanga wamng'ono. Iye ankandiyankha kuti mwamuna wa dazi ngati langali angamuthandize chinthu chimodzi chabe, kudziyang'anirapo pomanga duku. Pakamwa anali napo, koma sanali munthu wa phokoso. Ankalankhula motsitsa, ankayenda ngati sakufuna kudzutsa fumbi, ndipo pa maliro ndiye ankapatsidwa makanda olira chifukwa m'manja mwake ankatonthola okha.

Anakwatiwa ndi ba Gabson, munthu wamtali, wamtima wabwino, amene ankagwira ntchito pa fakitale ina yosula zitsulo ku Lusaka. Fainess anayesako kukhala mu komboni, koma tauni sinamukomere. Anabwerera kumudzi ndi ana ake, woyamba dzina lake Nelly, n'kumalima chimanga ndi mtedza, madzulo n'kumagulitsa mbatata kwa oyendetsa malole. Ba Gabson ankabwera mwezi ukatha. Zaka za nyundo ndi makina zinawagonthetsa khutu lakumanzere, lakumanja n'kutsala lomva mwa apo ndi apo, moti polankhula ankakuwa osadziwa kuti akukuwa. Moni wawo unkabalalitsa nkhuku pabwalo.

Mu 1992, chaka cha chilala chija tinadya ufa wachikasu, fakitale inachepetsa antchito ndipo ba Gabson anabwera kumudzi ndi sutikesi yawo, osabwereranso. Apa mpamene ndinaona munthu wamkulu akufota ngati fodya wothyoledwa. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa, kuyang'ana malole akudutsa. Kukuwa kuja kunatha. Ndikawaseka sankabweza, ndipo munthu amene sabweza nthabwala ya mnzake wokwatira naye pakhomo limodzi ndiye kuti zinthu zaipa ndithu. Fainess anaona zimene ife sitinaone. Tsiku lina anabwera kwathu ndi botolo la mankhwala opopera thonje atalikulunga m'chitenje, n'kupempha Edness kuti alisunge. Anati anapeza amuna ake alitsitsa pa denga pamene linkakhala, alikhazika patsogolo pawo, akungoliyang'ana.

Ndalama zawo za kuntchito zitatuluka, ba Gabson anadzuka pansi pa mango paja, anakwera basi, n'kubwera ndi chigayo pa lole, pamodzi ndi injini yake ya dizilo. Tsiku limenelo anakuwanso. Anandikuwira moni mpaka chipewa changa chinatsala pang'ono kugwa, ndipo Fainess, ataima pakhomo, anaseka ndi misozi.

Nkhani inavuta pa malo oika chigayocho. Masiku amenewo pamsewu panali mbiri ya akuba a mainjini, obwera ndi galimoto, kumasula mabawuti n'kuzimirira kulowera ku Luangwa. Ba Gabson anati chawo sachiika patali. Anathira simenti kuseri kwa nyumba yawo yeniyeni, n'kumanga chipinda cha chigayo mogwirizana ndi chipinda chogona, khoma limodzi. Anati akufuna kuti wakuba akangokhudza sipanala, iwo amve. Ine ndinawafunsa kuti adzamva ndi khutu liti, poti limodzi linapuma ntchito kale ndipo linzake lili pa tchuthi. Anati adzamva ndi msana, chifukwa bedi aligunditsa kukhoma. Tinaseka tonse, Fainess yemwe.

Chaka chotsatira mvula inagwa bwino ndipo chimanga chinachuluka. Anthu ankabwera ndi matini pamutu, ena ndi matumba pa njinga kuchokera kutali, mpaka mbali za ku Shikabeta. Chigayo chinkalira dzuwa likangotuluka mpaka kulowa. Ba Gabson ankaima pamwamba kuthira chimanga ndi kuyang'anira injini. Wantchito sanamufune, ati mlendo amaba ufa ndi dizilo. Choncho pansi, potulukira ufa, pogwira thumba ndi kusintha sefa, panali pa Fainess, mutu wake pafupi ndi pamene nyundo za chigayo zimamenya.

Amene sanaimepo m'chipinda chotere asanene kuti amadziwa phokoso. La chigayo silingolowera m'makutu. Limakwera kuchokera kumapazi, limagwedeza mano, limakhala m'chifuwa ngati wameza chinthu chamoyo. Anthu mkatimo ankalankhulana ndi manja. M'nyumba makapu ankayenda okha pa shelefu, ndipo chithunzi cha ukwati wawo chinagwa mpaka analeka kuchipachika. Wogayitsa ankapirira kanthawi n'kumapita kwawo, akupukusa mutu. Ba Gabson sankamva kanthu, kwa iwo inali nyimbo ya patali. Koma Fainess akatuluka kuti akaphike, khitchini inali pomwepo. Akadwala mutu n'kukagona pang'ono masana, mutuwo unkatsamira khoma lomwelo.

Miyezi itapita ndinayamba kuona kuti mkazi wanga wamng'ono sakundibwezeranso bwino. Ndikamuponyera mawu ankandiyang'ana ngati ndalankhula Chisoli, chilankhulo cha agogo anga. Maso anali ofiira. Pothira tiyi dzanja linkanjenjemera. Anauza Edness kuti ngakhale injini ikazima, m'mutu mwake imapitirira kulira, ndipo tulo sabwera. Mwana akagwetsa supuni ankadumpha n'kumukalipira, iye amene sanakalipirepo ngakhale mbuzi. Ine ndi uchitsiru wanga ndinkati ndi chikondi, mtima wake umathamanga ukandiona. Tsiku lina ndinamupeza akuchapa ku kasupe wa madzi otentha wa kuno kwathu, kumene ankakonda kupita ngakhale zovala zili zochepa, ndipo ndinamuimbira belu la njinga kumbuyo kwake. Beseni linagwa. Anagwira pachifuwa n'kukhala pansi pamatope, milomo itatuwa. Pakhosi pake mtsempha unkadumpha moonekera. Sanandinyoze, anangoti, "Ba mulamu, musadzachitenso."

Sipanapite nthawi, anagwa m'chigayo momwemo, thumba lili m'manja. Ba Gabson anazindikira ataona ufa ukumwazikira pansi. Anathamangira kwathu atayera ngati mzukwa, ndipo ine ndi Edness tinamukweza Fainess minibasi kupita naye ku chipatala cha mishoni ku Mpanshya. Ba Gabson anatsala, poti pakhomo panali anthu ndi matumba awo.

Ku chipatala anamumanga chilamba choyezera kuthamanga kwa magazi pamkono n'kupopa. Nesi wake, mayi wachikulire wa magalasi, anapopa kawiri ngati sakukhulupirira, n'kunena kuti magazi akuthamanga koopsa. Anamugoneka. Ine ndinabwerera kumudzi, Edness n'kutsala kumudikirira. M'chipinda cha odwala munali zii, kunja kumangomveka mbalame ndi belu la tchalitchi. Fainess anagona ngati mwana, tsiku ndi tsiku, ndipo mankhwala atamugwira, magazi anatsika msanga kuposa mmene nesiyo ankayembekezera. Izi n'zimene zinamuchititsa kufunsa za kunyumba. Anafunsa za mchere, za mikangano, za mowa wa mwamuna. Atamva za chigayo ndi khoma lija anavula magalasi.

Mmene Edness anandifotokozera, ndipo ine ndikuikamo Chinyanja changa, nesiyo anati thupi la munthu lili ndi mlonda wake wosagona. Likamveka phokoso lalikulu, mlondayo amaganiza kuti kwabwera chilombo, ndiye amatuma mawu m'minyewa kuti mtima uthamange, mitsempha ya magazi ifinyike, munthu akonzeke kuthawa. Chilombo chikapita zonse zimabwerera m'malo. Koma phokoso likakhala la tsiku lililonse, mlonda uja saleka kuimba lipenga, ngakhale mwini thupi atanena kuti wazolowera. Mtima umaiwala kuyenda, umangodziwa kuthamanga. Ndipo tsiku lina kamtsempha ka m'mutu kamatha kuphulika kapena kutsekeka. Nesiyo anamuuza mosabisa kuti mapiritsi okha sangamukwanire akabwerera kukaima pa thumba paja.

Fainess anamva zonsezo, anathokoza, ndipo ali pa minibasi yobwerera analumbiritsa mkulu wake kuti asauze ba Gabson. Anati chigayo chija ndicho chinawadzutsa pansi pa mango. Akamva kuti chimene chinawabwezera moyo ndicho chikupha mkazi wawo, adzachizimitsa, ndipo akachizimitsa adzayamba kufunsa kumene kunapita botolo lija. Edness analumbira. Koma lumbiro la mkazi wanga limafika pakhomo pathu n'kuvula nsapato, choncho tsiku lomwelo ine ndinadziwa.

Kwa amuna ake Fainess anangonena za mapiritsi ndi kuchepetsa mchere. Ba Gabson anakondwa, anabisa mchere wonse wa m'nyumba, tonse okacheza kumeneko tinkadya ndiwo zozizira ngati chilango. Fainess anabwerera pa thumba. Anatenga thonje la kumunda n'kutseka m'makutu, n'kumanga duku mwamphamvu pamwamba pake. Koma ndanena kale kuti phokoso limenelo limalowera ndi kumapazi komwe. Sabata zingapo chabe, kunjenjemera kunabwerera, mutu unabwerera, ndipo anayamba kuona tinthu takuda tikuuluka m'maso.

Ndinapita kukamuona tsiku lina dizilo atatha, ba Gabson atapita kukagula. Ndinamuuza kuti ine sindinalumbire kwa munthu, ndikawauza ndekha. Fainess anandiyankha motere:

"Mukawauza, ba mulamu, mukonzeretu makasu. Mukumba manda awiri, ndipo inu ndi msana wanuwo simungathe ngakhale amodzi."

Ndinayesa njira ya m'mbali. Ndinauza ba Gabson kuti andibwereke mkazi wanga wamng'ono akakhale kwathu mwezi umodzi, andiphikire zokoma, poti wamkuluyu wayamba kupsereza. Anaseka n'kundifunsa kuti thumba agwira ndani.

Pamenepo n'kuti amayi a pamzere wa chigayo atagamula kale mlandu. Anati taonani, munthu akapita ku Mpanshya amachira, akaponda pakhomo pake amadwala. Ndiye kuti matenda sali m'thupi, ali pakhomo. Wina wa nsanje ndi chigayo anakwirira kanthu pabwalo, ndipo poti mwini wake ndi wa mutu wouma, kanthuko kanagwira mkazi. Kunena zoona, nzeru imeneyi inali itayenda theka la njira yolondola, kenako n'kukhotera kutchire. Ba Gabson anaikhulupirira yonse, chifukwa ankamukonda mkazi wawo ndipo ankafuna mdani woti amugwire ndi manja.

Pamsewu panali mpingo wina watsopano wa ochita malonda ndi oyendetsa magalimoto, wopempherera m'chisakasa cha malata. Mtsogoleri wake anali abusa Victory, amene kale anali kondakitala wa basi, ndipo mawu a ntchito yakaleyo anali nawobe. Sindikuwanena zoipa. Anali munthu woyendera odwala ndi wogawa zovala. Koma chiphunzitso chawo chinali chakuti chiwanda sachinyengerera, amachitulutsa ndi mfuu, ndipo wodwala akayamba kunjenjemera ndiye kuti chagwedezeka, pamenepo mpofunika kuwonjezera. Anali ndi ng'oma zazikulu, ndi chimkuzamawu chonga duwa la dzungu, choyendera batire ya lole. Ba Gabson, amene anabadwira mu mpingo wa nyimbo za m'buku, anapita kukawagwadira. Anagwirizana kuti Loweruka mpingo wonse ubwere kudzapemphera pabwalo pomwepo, wodwala ali pakati, poti choipacho chili pomwepo.

Edness anapita kukamuchonderera mng'ono wake kuti amumasule pa lumbiro. Fainess anakana. Anati apirira tsiku limodzi, amuna ake mtima ukhale pansi, basi.

Loweruka ndilo linali tsiku la anthu ambiri pa chigayo. Ena anali atapalasa njinga kuyambira mbandakucha, ndipo ba Gabson analibe nkhope yowabweza. Anati aliyense azigwira yekha thumba lake lero, koma injini ilire. Choncho pamene a mpingo ankafika, dzuwa litakwera, chigayo chinali chikulira kale. Anamangirira chimkuzamawu pa nthambi ya mango, kuloza pakati pa bwalo. Anakhazika Fainess pa mpando, Edness pa mphasa pambali pake. Ine ndinakhala chapatali ndi ndodo yanga, pafupi ndi batire, ngati munthu wofuna mthunzi.

Poyamba anaimba bwino. Koma nyimbo sinkamveka chifukwa cha injini, ndiye oimba ng'oma anawonjezera, ndipo abusa anauza dalaivala wina, mwini batire, kuti akweze chimkuzamawu mpaka pothera. Bwalo lonse linasanduka ng'oma imodzi. Abusa anaima pamutu pa Fainess, anaika dzanja pa duku lake, n'kumakuwira choipacho kuti chitchule dzina lake. Mawu awo ankatuluka pakamwa pawo pafupi ndi khutu lake, n'kutulukanso pa mango paja atakula ngati bingu. Anthu anamuzungulira, aliyense akupemphera pemphero lake mokweza, ena akuomba m'manja pafupi ndi nkhope yake.

Ndinaona mawondo a Fainess akuyamba kugundana. Thukuta linatsika m'masaya. Anatseka maso, manja atagwira mpando. Mayi wina analoza n'kuuza anzake kuti chayamba kutuluka, ndipo ng'oma zinathamanga.

Ine ndinakola waya wa batire ndi ndodo yanga n'kukoka, nkhope ndikuyang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga mango. Chimkuzamawu chinafa. Kwa kamphindi ndinaganiza kuti ndathandiza. Koma dalaivala uja anabwezeretsa wayayo msanga, anaumanga ndi pulayasi, n'kukhalira batireyo. Abusa analengeza kuti mdani wayamba kulimbana ndi zipangizo, ndiye kuti nkhondo yafika pachimake, aliyense akweze mawu. Anakweza.

Edness anali atagwira dzanja lamanzere la mng'ono wake. Anandiyang'ana, ndipo nkhope imeneyo sindinaioneponso pa zaka zonse za ukwati wathu. Anakweza dzanjalo pang'ono n'kulisiya. Linagwa pa chitenje ngati nsanza yonyowa. Mbali imodzi ya pakamwa pa Fainess inali itayamba kutsika. Edness anaimirira n'kutaya lumbiro lake. Anakuwa ndi mphamvu zake zonse kuti aleke, phokoso ndilo likumupha, anatero a ku chipatala. Ndinaona pakamwa pake pakuyenda, mitsempha ya pakhosi itatuluka, koma ngakhale ine amene ndinkadziwa zimene akunena sindinamve liwu limodzi. Oyandikana naye anaganiza kuti mzimu wamugwira nayenso, anamugwira mapewa mokondwera. Ndinayesa kudzipanikiza pakati pa anthu kuti ndifike kwa abusa, koma nkhalamba ya ndodo pakati pa anthu ovina ili ngati chitsotso m'madzi osefukira. Anandikankhira kunja osadziwa n'komwe.

Kenako Fainess anatsegula maso n'kuimirira.

Anthu anapatuka. Kwa iwo ichi chinali chizindikiro chachikulu, chifukwa amati wogwidwa akaimirira yekha amatsogolera kumene kunakwiriridwa choipacho. Amuna awiri anatenga makasu amene anakonzeratu. Fainess anayenda akukoka phazi lamanzere, dzanja likulendewera, gulu lonse pambuyo pake ndi ng'oma zawo. Sanapite pa dzala, sanapite pa khomo la nyumba pamene ambiri ankaganizira. Anazungulira kuseri n'kulowa m'chigayo. Ine ndinadzera mbali ina n'kukaima pa zenera.

Ba Gabson anali pamwamba ndi tini ya chimanga. Ataona mkazi wawo anamwetulira, kuganiza kuti wachira. Fainess anawadutsa, anafika pa injini, n'kugwira kachitsulo kozimitsira ndi dzanja lake labwino. Chiyambire sanakakhudzepo, injini inali ya mwamuna. Anakakoka n'kukagwiritsitsa. Injini inatsokomola, lamba anayamba kuyenda mwaulesi, nyundo zinagunda mochedwa, mochedwa, mpaka zinaima.

Ng'oma zinapitirira pang'ono, kenako woimba mmodzi analeka, mnzake n'kuleka. Abusa anali atasiya cholankhulira chawo pabwalo chifukwa waya sunafike. Kunangoti zii, moti ndinamva ufa ukusefukira m'thumba la mayi wina. M'makutu mwanga munkalira tizilombo.

Fainess anakodola amuna ake kuti atsike. Anaika pakamwa pake pa khutu lawo lakumanja, koma poti kunali chete ndipo lilime lake linali lolemera, tonse tinamva.

"Atate ake Nelly, palibe munthu anakwirira kanthu pano. Ndi chigayo ichi. Anandiuza ku Mpanshya kuti mtima wanga sungathe kukhala nacho khoma limodzi. Ndinakubisirani."

Ba Gabson anafunsa, ndipo kanali koyamba kuwamva akulankhula motsitsa, kuti anabisiranji.

"Ndinkaopa kuti mubwerera pansi pa mango. Koma chikaliranso mawa, ine simundipeza."

Atatero miyendo inamuthera, Edness n'kumuwakha.

Ba Gabson anaima ndi kansanza ka oilo m'manja. Anayang'ana mkazi wawo pansi, anayang'ana injini, anayang'ana mzere wa anthu pakhomo ndi matumba awo. Mayi uja wa thumba, munthu wochokera kutali amene sankadziwa za pakhomopo, anafunsa mwaulemu ngati amumalizire chimanga chake, poti theka linali likadali m'chigayo. Ndinkadziwa kuti mawu amene atuluke pakamwa pa ba Gabson ndiwo anene ngati tikumba manda, ndi angati.

Ba Gabson anataya kansanza kaja. Anatenga chitsulo, anakankha lamba kumuchotsa pa gudumu, anamupinda n'kundiponyera pa zenera. Anati ndikamusunge kwathu, ndipo ngakhale iwo eni abwere kudzamupempha ndi misozi, ndisawapatse mpaka amake Nelly atanena. Mayi uja anamupatsa ufa wa m'nyumba mwawo.

Abusa Victory ndiwalemekeza pa chinthu chimodzi. Sanatsutse, sananene kuti chiwanda chalankhula. Anavula jekete lawo n'kumufunditsa Fainess, anauza dalaivala uja kuti abwezere batire mu lole msanga, ndipo anakwera nafe mpaka ku Mpanshya. Panjira anauza dalaivala kuti asaimbe hutala ngakhale ng'ombe itagona pamsewu. Anapemphera ulendo wonse, koma milomo yokha ndiyo inkayenda.

Fainess anakhala nthawi yaitali ku chipatala ulendo umenewo. Anati kamtsempha kena m'mutu kanavulala, koma Mulungu anachita chifundo kuti sikanali kakakulu. Pamene iye anali kumeneko, ine ntchito yanga inali ba Gabson. Ndinkapita m'mawa uliwonse. Masiku oyamba ndinawapeza pansi pa mango ndithu, chigayo chili chete kumbuyo kwawo, maso ali pamsewu. Ndinkakhala nawo, kuwanyoza za makutu awo, za mchere anatibisira, za chilichonse, kudikira kuti abweze. Sanabweze. Edness anasamutsa botolo lija kwathu kukalisiya kwa anthu ena, osandiuza n'komwe kuti kwa yani.

M'mawa wina ndili panjira ndinamva kugunda kwa nyundo yaikulu. Ndinafulumira, kuganiza kuti akuphwanya chigayo. Ndinawapeza atavula malaya, akuswa simenti imene anathira okha, kuti amasule mabawuti a injini. Atandiona anandikuwira kuti ndisangoima ngati chitsa, ndigwire wilibala, dazi langalo lionekeko ntchito. Ndinagwira wilibala mokondwa.

Chigayo anachisamutsira kutali, kupitirira chulu chachikulu, kutsidya kwa dambo, pafupi ndi pokwerera mabasi. Mantha a akuba sanawathere, choncho anamanga kachisakasa pambali pake ndipo amagona komweko ndi nkhwangwa. Analemba wantchito wogwira thumba, bambo wina wa ku Shikabeta, amene ba Gabson amamuyang'anitsitsa ngati mphaka ndi mbewa. Kunyumba amabwera masana kudzadya ndi Lamlungu lonse. Lamba ndinamubweza kwa ba Gabson, Fainess atatuluka m'chipatala, atapita yekha kukaima pakhomo pa nyumba yake n'kumvetsera injini ikuyesedwa popanda katundu. Anati ikumveka ngati njuchi ya m'munda wa eni, apatseni.

Dzanja lake lamanzere silinabwerere lonse. Sangathe kusinja kapena kufinya zovala, ndipo akaseka pakamwa pamapita mbali imodzi, zimene ine ndimati n'chifukwa chondinyoza kwambiri. Mapiritsi amamwabe, ndipo amapita ku Mpanshya kukapimitsa. Lole ikaphulitsa tayala pamsewu amagwirabe pachifuwa. Mphepo ikatembenuka n'kubweretsa kulira kwa chigayo mpaka pakhomo, amatenga mtedza wake n'kubwera kudzasendera kwathu. Koma amagona tulo, ndipo makanda a pa maliro ayambanso kupatsidwa kwa iye.

Ku chigayo sapondako. Mkazi wa mwini chigayo, chimanga chake ndimanyamula ndine pa njinga. Ndikafika, ba Gabson amandiloza kumapeto kwa mzere ngati wina aliyense, ndipo ndikadandaula kuti ufawu ndi wa kwawo, adya ndi iwo omwe, amandionetsa khutu lakumanzere.